Kukamutenga Velaphi

Nquthu, 28 Julayi 1985

Mwana wanga Gabisile,

Ndikhulupirira uli bwino ku Springs pamodzi ndi adona ako ndi agalu awo. Kuno chisanu chatikwana, koma tikupuma. Walemba ndine bambo ako aang'ono, Mzikayifani, chifukwa amayi ako a MaBiyela pensulo sayidziwa, ndipo mlamu wako Khethiwe, mkazi wa malemu, akadali pachisoni.

Mlongo wako Velaphi tinamuika Loweruka kumtunda kwa khola, pafupi ndi bambo ake. Anthu a sosayite yanu ya maliro anafika naye bwino, ukawathokoze. Zoti adona anakukaniza kubwera tamva, ndipo pamenepo sitikukuimba mlandu. Mlandu wako ndi wina.

Iwe unakulira pakhomo pano. Ukudziwa kuti munthu akafera kutali, bokosi limanyamula thupi lokha. Mwini wake amatsala pamene anapumira komaliza, mpaka wina apite ndi nthambi ya kankhande, akamuitane ndi mfunda wake, abwere naye akumuuza njira yonse, osayankhula ndi munthu wina aliyense kufikira atalowa m'khola la kwawo. Nanga chimene tinapeza pachifuwa cha Velaphi n'chiyani? Duwa lofiira la m'dimba la azungu. Akuluakulu a kwa Mpanza ankapatsirana ngati agwira chule, aliyense kufunsa mnzake kuti kodi kumeneko kankhande amabala chonchi. Ine manyazi anandigwira. Safunsa anadya phula, mwana wanga, ndipo iwe wadya lambiri.

Amayi ako akuti Velaphi sanafike. Akumulota ataima m'mbali mwa msewu, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene basi yamusiya. Kudya akungolawa. Akuti Khethiwe sadzavula zakuda mpaka mwamuna wake atalowa pakhomo.

Tsono undiyankhe msanga, ndipo usandiuze dzina la mzinda. Ndikufuna malo enieni oti munthu n'kupondapo phazi. Anafera pati?

Undiuzenso chimene anamuphera. Dalaivala wa sosayite anatisiyira pepala lokhala ndi nkhope yake, pansi palembedwa kuti ngwazi ya ufulu. Velaphi amene ndikumudziwa ine ankathawa atsekwe a kumishoni ali ndi ndevu kale. Mwina mwatitumizira wa eni ake.

Ndine bambo ako,
Mzikayifani Mpanza

Springs, 9 Ogasiti 1985

Bambo aang'ono,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa alamu anga. Ine ndili bwino m'thupi, kwinaku sindikudziwa.

Za duwa ndalakwa, koma mundimve. Kuno kulibe kankhande. Ndinazungulira mpaka kunjanji, ndinangopeza bulugamu ndi zinyalala. Kumochale apolisi anatipatsa kanthawi koti munthu sangamalize kumwa tiyi. Ndinathyola chimene chinali ndi minga, n'kuyankhula naye pomwepo. Ndinaganiza kuti bola kanthu kusiyana ndi kumutumiza chimanjamanja.

Mtembo munaika ndi wake, ndinamusambitsa ndekha kumaso. Za kumene anafera, ndikuuzani zimene ndamva, inu musankhe.

Tsikulo ku KwaThema, lokeshoni ya kuno, kunali maliro a ana a sukulu amene anawomberedwa sabata ya m'mbuyo mwake. Palibe anapita kuntchito, lokeshoni yonse inali kumanda. Pobwerera apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, kenako zipolopolo. Velaphi anagwa pamphambano pafupi ndi golosale ya a Sikhosana. Makomuredi, anyamata a ndale aja, akuti anafera pomwepo, ndipo aunjikapo miyala. Pepala la apolisi likuti anafera kuchipatala. Koma namwino wina amene timapemphera limodzi wandilumbirira kuti kuchipatala anafika atazizira kale. Amene anali pamphambano sakugwirizana. Wina akuti pomunyamula anali atapita, wina akuti anaona dzanja likugwedezeka. Ndikawafunsa kachiwiri amasintha, kapena amandifunsa kuti wandituma ndani.

Zoti anali ngwazi, bambo, sindikudziwa. Ine ndimatuluka kwa adona Lachinayi lokha. Tikakumana ankakamba za mpira ndi za malata ofolera nyumba ya Khethiwe. Makomuredi akuti ankawanyamulira mapepala m'chitini chake cha chakudya popita kufakitale. Mwina n'zoona. Mwina akungofuna kuti tisalire kwambiri. Ndakhala naye mzinda umodzi zaka zonsezi, lero ndikufunsa kwa alendo kuti mlongo wanga anali ndani, ndipo zikundipweteka.

Chimodzi ndikupempheni. Musabwere. Boma laika lamulo latsopano, asilikali ali ponseponse, akugwira munthu popanda chifukwa. Chiphaso chanu chilibe chidindo chokulolani kukhala kuno kuyambira pamene munasiya ntchito kumgodi. Zikazizira ndidzakuuzani. Amayi muwauze kuti adye.

Mwana wanu,
Gabisile

Nquthu, 10 Ogasiti 1985

Alamu anga Gabisile,

Moni, ndine Khethiwe. Kuno tilipo. Mwana wathu Nokwazi wayamba kuyenda chogwira khoma, bambo ake sanaone.

Ndikulemba kukudziwitsani kuti bambo aang'ono anyamuka dzulo. Anadikira yankho lanu mpaka anatopa, tsiku lililonse kukakhala kusitolo kumene kumafikira makalata, kubwerako akutukwana positi ya boma. Akuti mwina mwakwiya ndi nkhani ya duwa ija. Ngati n'choncho, pepani, mukuwadziwa pakamwa pawo.

Anadula nthambi ya kankhande kutsidya kwa mtsinje, yaitali ngati mkono, n'kuikulunga m'nyuzipepala. Avala jekete lawo la kumgodi. Ndinawafunsa za chiphaso, anati iwo anakumba pansi pa mzindawo zaka zambiri, sangapemphe chilolezo choyenda pamwamba pake. Mukawachingamire kusiteshoni, m'matumba mwawo mulibe kanthu.

Amayi asangalala pang'ono, dzulo anamwa chambiko. Ayamba kale kuviika mapira a mowa womulandirira. Ine ndingoona. Anthu akandifunsa ngati ndine wamasiye ndimavomera, koma amayi akamva amandidzudzula kuti munthu sanafike n'komwe. Ndiye ndavala zakuda, koma ndikudikira mwamuna amene ali panjira. Sindikudziwa kuti ndizilira kapena ndizisesa pakhomo.

Mlamu wanu,
Khethiwe

Springs, 25 Ogasiti 1985

Alamu anga Khethiwe,

Moni nonse. Kalata yanu inafika bambo aang'ono atagona kale masiku angapo pansi pa bedi langa, choncho makalata athu anapambana panjira. Ino muyambe mwawerenga nokha musanawawerengere amayi.

Anangotulukira kuseri kwa nyumba ya adona, nthambi ili m'khwapa, galu akuwauwa. Kuchipinda kwanga sikuloledwa mlendo, ndiye ndinkawabisa ngati mowa wa m'lokeshoni. Lachinayi ndinapita nawo ku KwaThema. Atafika pamiyala paja anavula chipewa, anagwada, n'kumasula nyuzipepala. Asanatsegule pakamwa, mayi wina wogulitsa zipalapasiro za nkhuku pambali pa golosale anawagwira paphewa.

"Bambo, musataye mawu anu. Apa sanafere. Pitani kwa a Lebajoa osoka nsapato, anali naye."

A Lebajoa ndi Msutu wachikulire, nthiti zikuwapwetekabe. Poyamba anakana kutidziwa, koma ataona nthambi anatseka chitseko. Akuti iwo ndi Velaphi anaponyedwa m'kwerakwera imodzi, galimoto yachikasu ya apolisi ija. Velaphi anali wamoyo, mutu wake unali pamiyendo pawo. Galimoto sinapite kuchipatala. Inazungulira lokeshoni masana onse kutola anthu, kuwaunjika pamwamba pa anzawo. Velaphi anapempha madzi, kenako anafunsa ngati afika. Pamene chitseko chinkatsegulidwa kupolisi anali atazizira. Msewu umene anathera a Lebajoa sakuudziwa, anali pansi pa anthu.

Bambo aang'ono anafunsa ngati mwanayo anatsala mumsewu kapena m'galimoto.

"Phazi lake silinapondenso pansi, ntate," anatero a Lebajoa, kuwatchula bambo m'Chisutu.

Alamu, ndiye kuti mwamuna wanu ali m'galimoto ya apolisi, akuzungulira KwaThema mpaka lero. Ndalemba mawu amenewa koma mutu wanga ukuwakana.

Bambo anafunsa kuti galimoto yake ndi iti. A Lebajoa anati yachikasu, ngati kuti kuli ina yobiriwira. Atakumbukira bwino anati chitseko chakumbuyo chinali chomanga ndi waya. Makomuredi awiri amene anatilondola kumeneko anati bambo asadandaule, galimotoyo akaipeza aiotcha. Bambo anatsala pang'ono kuwamenya ndi nthambi yomweyo, akuti ana opanda nzeru, mukufuna kumuotchera momwemo.

Kuyambira tsikulo anasintha. M'mawa uliwonse ankatuluka kukakhala m'mbali mwa msewu waukulu, madzulo kubwera osanena kanthu. Lachitatu sanabwere. Pabedi panga ndinapeza chiphaso chawo, pambali pake nthambi ija.

Wosamala maluwa wa nyumba yoyandikana nafe ndiye anawaona. Akuti Lachiwiri kwerakwera ina inaima kuti iwafunse chiphaso, iwo anathawa ngati mnyamata, kudumpha mpanda wa mzungu. Lachitatu lake anakaima okha pakati pa msewu kutsogolo kwa ina, manja m'mwamba, mpaka anawakweza ndi zibakera. Ndikanati akutsata galimoto ija, koma nthambi ili pano, ndikuiona pamene ndikulemba. Munthu wopita kukatenga mzimu angasiye nthambi? Kapena atopa nazo, kapena mutu wasokonekera. Ndayenda kupolisi ziwiri, konse akuti dzina limenelo alibe.

Amayi muwauze kuti bambo achedwa ndi zoyendera.

Gabisile

Nquthu, 5 Sepitembala 1985

Alamu,

Moni. Ndinachita monga munanenera, koma amayi si mwana. Ndinawawerengera modumphadumpha, iwo n'kunena kuti kalata ya mapepala atatu singathe msanga chonchi. Anaitenga, n'kupita nayo kwa mkazi wa katekisiti, amene anawawerengera yonse, kenako anaiwerengera mudzi wonse ndi pakamwa.

Tsopano nkhani zamera miyendo. Ena akuti bambo aang'ono alowa gulu la makomuredi. Ena akuti anamwa ndalama ya ulendo, akuopa kubwera. Wina wochokera ku Joni akuti anawaona akutsogolera nyimbo pamaliro, chibakera m'mwamba. Bambo aang'ono amenewa, amene m'tchalitchi amangoyendetsa milomo? Nduna ya mfumu inabwera kudzafunsa ngati pakhomo la Mpanza pasanduka pa ndale, akuti ngati n'choncho tiyembekezere alendo. Ndinangoipatsa madzi akumwa.

Amayi sanalire. Amangokhala pakhonde kuyang'ana msewu wa kusitolo. Galimoto ikadutsa amati, "Akumuzungulitsabe." Mapira aja anamera, anauma, anaviikanso ena. Afooka, alamu, chitenje chikuwazungulira kawiri.

Funso lawo ndi ili, ndalemba monga ananenera. Ngati nthambi yatsala kwa inu, bwanji inuyo osaitenga n'kukaigunditsa pagalimotopo ikamadutsa? Ndawauza kuti mungawomberedwe. Akuti ndiye mufunse apolisiwo mwaulemu, nawonso anabadwa kwa akazi. Ine sindikudziwa chimene ndingakuuzeni. Musapite. Koma mukapanda kupita, atsala ndani?

Khethiwe

Springs, 19 Sepitembala 1985

Alamu anga,

Moni kwa inu ndi amayi. Bambo aang'ono ndawaona, ali moyo. Zinazo sindikudziwa ngati ndi nkhani yabwino.

Namwino uja ndiye anandiuza kuti ndikayese kukhoti la ziphaso. Ndinanamiza adona kuti dzino landivuta. Kumeneko anthu amalowa pamzere ngati ng'ombe zopita kudibi. Woweruza sadzutsa mutu, womasulira amafuula dzina, munthu avomera, chilango, wotsatira. Bambo anali chapakati pamzere. Diso limodzi latupa mpaka kutsekeka, jekete lija lang'ambika paphewa.

Atafunsidwa dzina sanayankhe. Womasulira anayesa Chizulu, anayesa Chisutu, anayesa chinenero cha kumgodi, iwo duu. Wapolisi anati mkuluyu sanayankhulepo ndi munthu chimugwirireni, amumenya mpaka atopa, amangonong'ona yekha. Ndipo ndi zoona, ndinaona ndi maso anga. Anapendeketsa mutu kuphewa lakumanzere, milomo ikuyenda. M'chiboo chimene anabooledwa kunsonga kwa khutu, muja amaikamo kachitini kawo ka fodya wapamphuno, alowetsamo kamtengo kouma. Khutu lonse latupa, likutuluka mafinya.

Ndinaimirira, chiphaso chawo chili m'manja, n'kunena kuti awa ndi bambo anga, dzina lawo ndi lakuti. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Alamu, anandizindikira, ndikulumbira. Koma anangobweza nkhope, n'kupitiriza kunong'oneza phewa lawo. Ndinaitana kachiwiri, wapolisi ananditulutsa.

Chiphasocho ndiye chinawamaliza, poti chinaonetsa kuti alibe chilolezo chokhala kuno. Ndimati ndikuwathandiza. Awapatsa ndende, akuti awonjezerapo chifukwa chonyoza khoti, ndipo akamaliza adzawakweza sitima kuwabweza kwawo. Ndende yake sanandiuze.

Mayi wina panja anandigwira dzanja n'kunena kuti mwamuna wake nayenso anatuluka choncho, mpaka lero amayankhula ndi khoma. Akuti pali pamene amamenya pamutu. Usiku sindigona, ndimangoganiza kuti tinataya mmodzi, pofuna kumutola tataya wachiwiri.

Nthambi ndaiika pamwamba pa kabati. Masamba onse ayoyoka. Zoigunditsa pakwerakwera zija sindingathe, amayi andikhululukire.

Gabisile

Nquthu, 27 Okutobala 1985

Alamu,

Moni. Ndikulemba mothamanga kuti kalata ipite ndi basi ya mawa. Bambo aang'ono afika.

Anatsika basi Lachisanu masana, owonda ngati bango. Anthu a kusitolo anawapatsa moni, iwo osayankha. Anangoyenda pakati pa njira akuyankhula okha mokweza. Ndinawamva ndili kuchitsime akuti, "Tawoloka mtsinje tsopano, samala miyala njoterera. Iyo ndi nyumba ya mkazi wako." Ana ankawatsata akuseka. Amayi anaimirira pakhonde, bambo anawadutsa osawayang'ana, molunjika kukhola. Atalowa anagwada, anasolola kamtengo kukhutu, magazi chuu, n'kukatsamiritsa pamtanda wa pachipata. Atatero anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Mkamwana, tiyi ali kuti pakhomo pano?"

Si amisala, alamu. Kamtengo kaja kanali nsonga ya nthambi imene ili pakabati panu.

Ndinaganiza kuti zatha, koma ayi. Atamwa tiyi anaitanitsa akuluakulu a kwa Mpanza, ndipo chiyambire dzulo akukangana pansi pa mtengo. Mbuzi ili pachingwe, sinaphedwe. Mowa sunatsegulidwe. Akazi sitinauzidwe kanthu, ndangomva mawu akuti alendo. Bambo akuti akulemberani okha akapumula.

Khethiwe

Nquthu, 3 Novembala 1985

Mwana wanga Gabisile,

Moni. Ndili bwino, kungoti khutu lakumanzere lapita, ndipo mano awiri ndinawasiyira boma. Ndamva kuti unandilengeza misala dziko lonse. Sindikukwiya. Kukhoti kuja ndinakuona, unavala duku la buluu. Pamene unandiitana ndinakumva, koma ndikanakuyankha ndikanamutaya pomwepo, m'khoti la ziphaso, malo oipa kuposa galimoto. Sindinakuuze ndisanapite chifukwa ukanandikhomera m'chipinda. Nthambi yonse sindikanalowa nayo, ndiye ndinadula nsonga. Khutu la nkhalamba ya ku Nquthu palibe wapolisi amene amalifufuza.

Galimoto ya waya kuchitseko ndinaipeza. Zoti ndinaona ziwiri za waya masiku amene ndinakhala pamsewu paja, izo ndinakubisira. Ndinasankha imene inaima.

M'katimo tinalimo ambiri, ogwidwa chifukwa cha ziphaso. Chitseko chitatsekedwa ndinachotsa kamtengo, ndinagwada mmene ndikanathera, n'kukakhudzitsa pansi. Ndinamuitana ndi mfunda wake, ndinati, Velaphi, Mpanza, Thabekhulu, ndine bambo ako aang'ono, dzuka tizipita kwathu, amayi ako akudikira. Ndinamuuzanso kuti pepa mwana wanga, njira yakwathu yadzera kundende, usaope, tili limodzi.

Apa ndiye pamene zinasokonekera. Mwamuna wina amene anandipanikiza kumanja anafunsa ngati ndikutenga munthu. Sindinayankhe, poti ndinali nditayamba kale. Iye anagwira nsonga ina ya kamtengoko, n'kunena kuti mng'ono wake Teboho Ramaisa anatheranso m'galimoto zomwezi, palibe anamutenga. Anamuitana m'Chisutu, akulira. Wina kumbuyo anatambasula dzanja pamwamba pa mitu ya anthu, n'kuitana Mncedisi wa kwa Gqoba. Kenako mkulu wina anaitana mwana wake wamkazi Dikeledi, dzina la bambo sindinalimve chifukwa galimoto inagunda dzenje. Ndikanawaletsa bwanji? Pakamwa panga panali potseka. Kulanda kamtengo m'manja mwa munthu wolira, manja anga anakana.

Choncho m'ndende monse sindinkadziwa kuti ndikuyankhula ndi ndani. Ndinkangowauza onse. Tikulowa m'chipinda, weramani. Tikupita kukalima mbatata za mzungu. Awa akundimenyawa musawaope, inu sangakukhudzeninso. Pobwera boma linatikweza sitima ulere, ndipo ndinawatchulira siteshoni iliyonse.

Akuluakulu atamva anagawanika. Ena anati mzimu wachilendo sulowa m'khola la eni, umabweretsa matenda, ndipo Msutu tidzamupepesa m'chinenero chanji? Anati kamtengoko kakatayidwe kumtsinje. Ena anati mukataya mwataya Velaphi. Wina anati nanga ngati galimoto inali inayo, ndiye kuti tikuphera mbuzi anthu atatu osawadziwa, wathu akuzungulirabe. Anandifunsa ngati ndinamumva akubwera. Ndinanena zoona. Masiku ena khutu linkalemera, ndinkati ndi iyeyo. Masiku ena ndinkati ndi mafinya.

Tsiku lachitatu amayi ako anatopa. Anabwera pansi pa mtengo osaitanidwa, anakhala pansi, n'kundifunsa maina. Ndinawatchula. Anandiuza kuti ndibwereze, iwo akutsatira ndi milomo. Kenako anafunsa ngati anawo anadya chichokereni.

"Ndiye mukudikira chiyani? Ipheni mbuziyo. Ayenda ulendo wautali, ali pachipata ngati akuba."

Mbuzi inaphedwa. Kamtengo tinakaika pamanda a Velaphi, ndipo ndinatchula maina onse anayi, Chisutu changa cha kumgodi chinagwira ntchito. Akuluakulu awiri anachoka osadya nyama, mpaka lero sakutiyankhula. Khethiwe adzavula zakuda nthawi yake ikakwana. Amayi ako akudya. Ndinawafunsa ngati akumulotabe pamsewu paja, anati sakulota kanthu, ndipo sakudziwa ngati kumeneko n'kufika kapena n'kutayika. Inenso sindikudziwa, mwana wanga. Ndachita zimene ndinaphunzitsidwa, koma amene anatiphunzitsa sanaone munthu akufera m'chinthu choyenda.

Tsono amayi ako akutuma. Lachinayi lako upite ku KwaThema, uyambire kwa a Lebajoa. Ufunefune kwa Ramaisa, kwa Gqoba, ndi kwa mayi aliyense amene anataya Dikeledi. Uwauze kuti ana awo mwina ali ku Nquthu kwa Mpanza, alandiridwa, adya. Akawafuna abwere ndi nthambi yawo, pogona tiwapatsa.

Akutinso ukamayenda m'makomomo uzifunsa. Sindine ndekha nkhalamba youma mutu m'dziko muno. Mwina wina anakwera galimoto inayo ndi kamtengo kake, n'kupita kwawo ndi mnyamata amene sakumudziwa. Ukamva za pakhomo potero, kaya ndi ku Lesotho kaya ndi ku Transkei, uwauze kuti dzina lake ndi Velaphi, asamuthamangitse, tikubwera.

Ndine bambo ako,
Mzikayifani Mpanza